Makwaya athu akumira m'phokoso, olakwa ndife omvera

Usiku wa Lachiwiri kapena Lachitatu, mpira wa Champions League ukatsala pang'ono kuyamba, m'mashedi oonetsera mpira pa Chipoka mkangano umayamba waima. Osewera afola, kamera ikudutsa pankhope zawo mmodzimmodzi, nyimbo ija yayambika. Anyamata amene tsiku lonse amasoka maukonde kapena kupalasa kabaza amayitsatira, wina ndi likhweru, wina ndi mawu ake opeka, ndipo ikafika pachimake onse amakuwa limodzi. Nyimbo imeneyi anailemba ndi Tony Britten mu 1992, koma thunthu lake analibwereka kwa George Frideric Handel, amene mu 1727 anapeka Zadok the Priest kuti iyimbidwe polonga ufumu George II ku London. Amene mumawamvawo ndi kwaya ndi orchestra. Mulibe kiyibodi, mulibe ng'oma ya pakompyuta.

Si yokhayi. Kanyimbo kamene mnyamata wa kiyibodi amakonda kuyika mkwatibwi akamalowa m'tchalitchi kanachokera mu opera ya Richard Wagner yotchedwa Lohengrin, ya mu 1850. Kulira kwa foni za Nokia zija tinkazikulunga m'pulasitiki poopa madzi a m'nyanja ndi kachidutswa ka nyimbo ya gitala ya Francisco Tárrega wa ku Spain, ya mu 1902. Choncho munthu akamati nyimbo zoterezi ndi za azungu ndi mabwana a ku Area 10, khutu la Mmalawi silingazimve, ine ndimangoti mwina sanalowepo m'shedi ya mpira.

Khutu tili nalo, oyimbanso tili nawo. Pamene pavuta ndi pa kamvedwe kathu: mmene timakhalira munthu akamayimba, nthawi imene timaombera m'manja, chimene timasupa ndi chimene timachinyalanyaza. Woyimba amaphunzitsidwa ndi kwayamasita komanso ndi omvera, ndipo mwa awiriwa amphamvu ndi omvera, chifukwa ndiwo ali ndi ndalama ndi nthungululu. Ife omvera takhala tikuphunzitsa makwaya athu kuti phokoso ndilo limalipira. Iwo amva, ndipo akutipatsa zomwezo.

Kayimbidwe ka mawu anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, si kadzulo m'dera lino. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, tsidya lina la nyanja moyang'anana ndi Chipoka. Ya Mvera, kumapiri a panjira ya ku Lilongwe, inatsegulidwa mu 1889, ndipo ya Mua, kummwera kwathu kuno, mu 1902. Amishoni, makamaka a mipingo ya chipulotesitanti, anabwera ndi solofa, do re mi ija, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England kuti anthu wamba azitha kuwerenga nyimbo popanda kuphunzira zilembo za pamizere isanu. Agogo athu anaigwira msanga, nanga si kulandizana nyimbo ndi kugawana mawu ankachita kale pamtondo ndi pokoka khoka. Mphunzitsi wa kumudzi ankalemba d, r, m, f, s pabolodi ndi choko, ana n'kuyimba nyimbo imene sanaimvepo chibadwire. Nyimbo ya fuko lathu, imene Michael Sauka anapeka ndipo tinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1964, ndi ya kayimbidwe komweka. Amene anaimvapo ikuyimbidwa ndi kwaya yodziwa kugawa mawu akudziwa kuti ija timathamangitsa pa asembule ndi theka lake chabe.

Matchalitchi a nthawi imeneyo, monga St Michael and All Angels ku Blantyre, imene inatha kumangidwa mu 1891, kapena St Peter's pachilumba cha Likoma, anamangidwa kulibe maikolofoni. Makoma ndi denga ndizo zinkanyamula mawu. Woyimba ankayenera kudziwa kupuma, womvera ankayenera kudziwa kutchera khutu.

Tsopano pitani pa chikondwerero cha makwaya Loweruka lina, kaya ndi pa Chipoka, pa Ngodzi, ku Lifidzi kapena pa boma. Masipika aatali ngati munthu aimikidwa kutsogolo, jenereta ikulira kuseri, mnyamata wa kiyibodi wadina kabatani ka ng'oma kaja kamagunda kokha. Kwaya ya anthu 30 yaima kumbuyo kwa maikolofoni atatu. Amene ayandikira maikolofoniwo ndiwo akumveka, otsalawo akungotsegula pakamwa n'kumasuntha mapazi. Besi ya anthu yakwiririka ndi besi ya makina. Makwaya ena safikanso n'pamenepo: amabwera ndi fulashi ya nyimbo imene anajambula ku situdiyo, n'kumangoyendetsa milomo pamwamba pake. Ife timadzuka, kuvina, kusupa, n'kubwerera kunyumba tikunena kuti kwaya yakutiyakuti ndi moto. Tamva chiyani? Tamva luso la mnyamata wa ku situdiyo.

Mayeso enieni amabwera magetsi akazima kapena mafuta akatha mu jenereta. Kwaya ina imangoti zii, kuyang'anana, poti palibe amene angatole kiyi popanda kiyibodi. Ina imapitiriza, ndipo mwadzidzidzi mumamva zinthu zimene zinali mommo nthawi yonseyi: aluto ya amayi awiri achikulire ikuyenda pansi pa sopulano, tena ikukwera n'kutsika, besi yagwira pansi ngati nsanamira. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi imeneyi ndi imene anthu amatulukira panja kukagula mandasi, kudikira kuti zinthu zibwerere m'chimake.

Kuti timvetse chimene tikutaya, tione kaye ntchito ya woyimba opera. Opera ndi sewero limene mawu ake ambiri kapena onse amayimbidwa m'malo molankhulidwa, ndipo linayambira ku Italy cha m'ma 1600. Woyimba amaima pansanja. Kutsogolo kwake kuli chidzenje chokhalamo oyimba zida, amene pa opera zazikulu amapitirira 70, a mavayolini, malipenga, zitoliro ndi ng'oma, ndipo kuseri kwa amenewo ndi kumene kuli anthu. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York imalowa anthu pafupifupi 3,800. Woyimbayo alibe maikolofoni. Mawu ake ayenera kudumpha zida zonsezo n'kukafika kwa munthu wa tikiti yotchipa amene wakhala kumwamba kwenikweni, pampando womaliza.

Sachita zimenezi pokuwa ayi. Wokuwa sangamalize sewero la maola atatu. Amaphunzira kukoka mpweya mpaka m'munsi mwa nthiti, kuusunga n'kumautulutsa pang'onopang'ono, ndi kutsegula kukhosi mwa njira yoti mawu azikhala ndi kamkokomo kakuthwa kamene kamayenda pamwamba pa kulira kwa zida. Zimatenga zaka, ndipo ambiri mawu awo amakhwima bwino atadutsa zaka 30 zakubadwa. Koma chovuta koposa si kukweza. Ndi kuyimba motsitsa kwambiri, pa noti yapamwamba, mawu n'kuonda ngati ulusi koma osaduka, n'kumamvekabe kumapeto kwa holo. Apa ndi pamene odziwa kumvera amagwira mpweya. Apanso ndi pamene ife timafuulira wa makina kuti akweze voliyumu.

Luso limeneli si lachilendo kunyanja kuno. Msodzi woitana mnzake wa pabwato lina, mwera ukuwomba, amadziwa kuti mawu a kukhosi safika patali, amene amafika ndi ochokera m'chifuwa. Mayi wotsogolera nyimbo pasiwa usiku wonse mpaka m'bandakucha mawu osasasa amadziwa kupuma kuposa ana ambiri a maikolofoni. Amene anaonerapo sikiri ya abale athu achisilamu akudziwa kuti chifuwa ndi mpweya pazokha zimagwira ntchito ya ng'oma. Anthu amenewa palibe anawauzapo kuti ali ndi luso. Timangoti ndi mmene anabadwira.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati kukhala duu ngati uli m'khoti ndi chikhalidwe cha azungu, ife nyimbo ikatikhudza timaimirira, timalulutira, timavina, ndipo woyimba amapeza mphamvu akaona anthu akutakataka. Mfundo imeneyi ili ndi mutu. Inenso sindikufuna kuti tchalitchi cha pa Chipoka chisanduke kumanda. Koma pali zinthu zimene oinena amaiwala.

Azunguwo sanali achete kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1700, m'nyumba za opera ku Italy anthu ankadya, kucheza, ena kutchova juga, n'kumatchera khutu pokhapokha woyimba amene amamukonda akayamba nyimbo yake. Mu 1778 Mozart analembera bambo ake kuchokera ku Paris, wokondwa kuti anthu anaomba m'manja nyimbo yake ili mkati, pamalo pomwe iye anakonzeratu kuti padzawasangalatsa. Kachetechete anabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1800, opeka nyimbo atayamba kulemba zinthu zofuna kuzimvetsera mwakuya. Wagner atatsegula nyumba yake ya opera ku Bayreuth mu 1876, anachepetsa kuwala kumbali ya anthu kuti asiye kuyang'anana zovala, ayang'ane kutsogolo. Ndiye kuti kumvera n'chinthu chimene anthu anachita kuphunzira, ndipo anaphunzira chifukwa nyimbozo zinkafuna choncho.

Ngakhale lero, anthu okonda opera si ofatsa mmene timawaganizira. Ku La Scala, mumzinda wa Milan, amene amakhala pamipando yotchipa ya kumwamba ndi oopsa kuposa masapota a mpira. Mu December 2006 anamukuwiza Roberto Alagna, katswiri wodziwika dziko lonse, atangomaliza nyimbo yake yoyamba mu opera ya Aida. Iye anakwiya n'kutuluka sewero lili mkati, ndipo wolowa m'malo mwake anathamangira pansanja atavala jinzi. Mbali inayi, mu February 1988 ku Berlin, anthu anamuombera m'manja Luciano Pavarotti kwa ola limodzi ndi mphindi 7, n'kumuitanitsa kuti abwerere pansanja ka 165. Ola lathunthu, amangwetu, manja osapoa! Ndi nthungululu iti ya kwathu kuno inafikapo pamenepo? Kusiyana kwake ndi kumeneku: iwo amakuwa atamva. Amadikira noti yomaliza ithe, kenako nyumba imagwedezeka, ndipo akamakuwiza munthu amadziwa pamene waphonya. Ife nthawi zambiri timakuwa m'malo momva.

China chimene amaiwala n'chakuti kachetechete tili naye wathuwathu. Agogo akamakamba nthano, ana amayankha kuti tili tonse pamalo pake, osati paliponse, ndipo wosokosera amabwezedwa kukagona. Mfumu ikamagamula mlandu pabwalo, palibe amene amadutsa kutsogolo kwake. Woyimba bangwe kapena kaligo ankamveka chifukwa anthu ankamuzungulira n'kutonthola, nanga chida chake chili ndi mawu angati? Ngakhale ku gule, odziwa amadziwa nthawi ya manja ndi nthawi yosiya mbalule ilankhule. Makolo athu ankasiyanitsa nyimbo yovina ndi nyimbo yomvera. Ndife tasakaniza zonse m'sipika imodzi.

Pa nkhani ya kusupa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kusupa ndi mwambo wabwino. Ndalama imachoka m'manja mwa womvera n'kupita kwa woyimba popanda wina kudulapo, ndipo mwana wa kwaya amaona ndi maso kuti wina wakhudzidwa. Ku Ulaya amaponya maluwa, ife timaponya chinthu chogulira sopo, ndipo pamenepa ine ndili kumbali yathu. Koma taonani mmene timachitira. Kamtsikana kayamba vesi yake kokha, kagwira mpweya bwinobwino, kakukwera. Pomwepo bambo wina wadzuka kumbuyo, wayenda pakati pa tchalitchi monyadira, waima kutsogolo kwake, wayamba kusinthitsa ndalama yake m'mbale kuti aponye pang'onopang'ono. Anzake amutsatira. Woyendetsa mwambo walanda maikolofoni kuti alengeze kuti a uje apereka zakuti, a uje awaposa. Vesi ija yatha palibe waimva. Amene waonekera ndi wosupayo, osati woyimba.

Makwaya si opusa, amaona nyimbo imene imadzaza mbale. Yothamanga, ya sitepe, ya kolasi ya mizere iwiri yobwerezabwereza mpaka thukuta, imabweretsa ndalama. Yodekha, ya mawu anayi, imene anaivutikira miyezi iwiri pansi pa mtengo wa mango madzulo alionse, imabweretsa kukhosomola ndi kulira kwa mafoni. Chaka chamawa kwayamasita aphunzitsa iti? Ndipo poti pa zikondwerero zambiri yopambana ndi imene yatolera ndalama zochuluka, kwaya ya mpingo wa anthu amalonda idzapambana chaka ndi chaka ngakhale itayimba mophonya, ya kumudzi n'kumabwerera ndi manyazi pa lole. Umu ndi mmene solofa ikufera. Palibe anailetsa, kungoti palibe amailipira. Achikulire amene amatha kutenga pepala la d, r, m n'kuyimba pomwepo akutha mmodzimmodzi, ndipo achinyamata ambiri amaphunzira nyimbo pongomvera pa foni, mawu a pamwamba okha.

Onaninso paukwati ndi pamaliro. Wa zokuzira mawu amalandira ndalama yake asanatsitse n'komwe masipika pagalimoto. Wojambula vidiyo ali ndi mtengo wake, wokongoletsa holo ali ndi wake. Kwaya imene yayenda wapansi, yagona pamphasa, yayimba usiku wonse, imapatsidwa botolo la Fanta ndi banzi, n'kuuzidwa kuti Mulungu ndiye adzalipira. Zoona, kuyimba m'tchalitchi ndi utumiki, ndipo palibe akunena kuti amayi a Chigwirizano azilemba invoisi akapita kukatonthoza anamfedwa. Koma paukwati wa anthu 500, pamene keke yokha yadya ndalama zoti n'kulipirira mwana fizi ya teremu, kupatsa oyimba banzi ndi kuwauza poyera mtengo umene timaika pa mawu a munthu.

Wina afunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi opera, poti pa Chipoka palibe nyumba ya opera ndipo sidzamangidwa mawa. Yankho lili ku South Africa. Pretty Yende anabadwa mu 1985 ku Piet Retief, katauni ka m'chigawo cha Mpumalanga, kutali ndi Cape Town ndi Johannesburg. Kuyimba anayambira kunyumba ndi ku tchalitchi, monga ana athu. Ali ndi zaka 16 anamva kachidutswa ka opera ya Lakmé ya Léo Delibes pa kanema wotsatsa malonda a British Airways pa TV, ndipo anapita kukafunsa mphunzitsi wake kuti chimenechi n'chiyani. Kuchokera m'kwaya ya pasukulu anapita kukaphunzira zoyimba pa University of Cape Town, kenako ku sukulu ya La Scala ku Milan. Mu 2011 anapambana mpikisano wa Operalia, mu January 2013 anayimba koyamba ku Metropolitan Opera, ndipo pa 6 May 2023 anayimba yekha ku Westminster Abbey polonga ufumu Charles III, pamwambo womwewo pamene Zadok the Priest ya anyamata a m'shedi ija inayimbidwanso.

Sali yekha. Levy Sekgapane anapambana Operalia mu 2017. Masabane Cecilia Rangwanasha, wa ku Limpopo, anatenga imodzi mwa mphoto za mpikisano wa BBC Cardiff Singer of the World mu 2021. Mu 2005 filimu ya U-Carmen eKhayelitsha, imene ndi opera ya Carmen yoyimbidwa m'Chixhosa ndi anthu a m'makomboni a Cape Town, inapambana mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin. Kodi anthu a ku South Africa ali ndi kukhosi kosiyana ndi kwathu? Ayi ndithu. Ali ndi mipikisano ya makwaya a m'sukulu yoyambira pansi mpaka ya dziko lonse, mmene ana amayimba nyimbo za makolo awo komanso zidutswa za opera, pamaso pa oweruza odziwa nyimbo. Solofa yomwe ija ife tikuitaya, iwo anaisunga. Ndipo omvera awo si achete ayi, amalulutira ndi kuimba malikhweru kuposa ife, koma amalulutira noti imene yagwidwa bwino. Mwana amakula akudziwa kuti chimene chimadzutsa holo ndi mawu ake.

Kuno kwathu zitseko zilipo, ngakhale ndi zochepa. Ku Karonga, kumpoto kwa nyanja yomweyi, Pulofesa Agnes Kim wa ku South Korea, amene anayimba opera zaka zambiri ku Ulaya ndi kwawo, atapuma pantchito anabwera kudzakhazikitsa Lusubilo Music Centre, n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata a kumeneko kuwerenga nyimbo ndi kuyimba zida. Lusubilo Band inatuluka mmenemo. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, ndipo ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa zoyimba. Koma sukulu zimenezi sizingayende mudzi ndi mudzi kusaka mawu. Woyamba kuzindikira kuti mwana uyu ali ndi chinthu ndi munthu wa pabenchi la m'tchalitchi chake, mphunzitsi wa pa pulayimale, azakhali ake. Ngati onsewa sanamumve chifukwa cha ng'oma ya kiyibodi, ndani akamuuze kuti apite ku Lilongwe?

Ndipo mawu sadikira. Mtsikana amene amalimbana ndi sipika sabata ndi sabata, kukuwa ndi kukhosi kuti adzimve yekha, amavulaza timinofu ta mawu. Kumayamba ndi kusasa Lolemba lililonse, kenako manoti a pamwamba amathawa, ndipo pofika zaka 25 amakhala atasamukira ku aluto kapena wasiyiratu. Timangoti mawu ake anatha atakwatiwa. Sanathe chifukwa cha banja, tinawamaliza ndife ndi voliyumu yathu.

Boma la Salima si lachilendo pa zoyimba. Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikira kambirimbiri ku Senga Bay, ndipo Lake of Stars nayo inachitikirapo m'boma lino. Anthu amachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kulipira tikiti, malo ogona ndi mafuta, kudzamva nyimbo m'mphepete mwa nyanja yathu. Ndimalakalaka okonza maphwando oterewa ataganizira ola limodzi lokha, m'mawa masipika asanayatsidwe, loti makwaya awiri kapena atatu a m'midzi ya kuno ayimbe ndi mawu okha, ndipo alipidwe monga amalipidwira ena onse. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo zambiri zili m'manja mwathu, sizifuna thandizo la kunja kapena nduna yodzadula riboni.

Pa chikondwerero chikubwerachi, okonza angathe kunena kuti kwaya iliyonse iyimbe nyimbo imodzi popanda kiyibodi, popanda fulashi, popanda maikolofoni. Zina zonse avine mmene angathere, palibe akuletsa. Koma pa imodziyo mbale ibisidwe mpaka noti yomaliza itatha, woyendetsa mwambo akhale pansi, ana olira atulutsidwe kaye panja, mafoni atsekedwe pakamwa. Ikatha, pamenepo ndiye dzukani, lulutirani, supani mpaka m'thumba mupepuke. Ndipo pakhale mphoto ina yosadalira mbale, yogamulidwa ndi anthu awiri kapena atatu odziwa solofa. Alipo, ambiri ndi aphunzitsi opuma ndi akuluampingo amene masiku ano amangokhala kumbuyo atagwira makutu.

Nyimbo yake isakhale ya Handel mokakamiza. Ikhoza kukhala ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, ya Misa, kaswida, kapena yopeka kwayamasita wa pamudzi pomwepo. Amene angafune kuyesa Aleluya wa mu Messiah, amene anayimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ayese, ndipo adzaona okha kuti besi ikalowa mochedwa ndi kamphindi kamodzi nyumba yonse imagwa. Tsiku loyamba padzakhala manyazi, chifukwa makwaya ena otchuka adzaonekera poyera kuti akhala akubisala kuseri kwa makina, ndipo ena osatchuka, a mayunifolomu osuluka, adzadabwitsa anthu.

Inu amene mumakonda kujambula ndi foni, nyimbo yoti mujambule ndi imeneyo. Masukulu a zoyimba ndi mipikisano yambiri masiku ano amayamba ndi kuona vidiyo, ndipo palibe mphunzitsi wa mawu amene angaweruze mwana pa vidiyo yomveka jenereta ndi kulengeza kwa a uje apereka zakuti. Imani chapafupi, gwirani foni osagwedeza, musayankhule, ndipo mukamaliza mufunse dzina la mwanayo ndi la makolo ake musanaitumize kulikonse.